Muyeso wa a Kalekeni

Kwa Wimbe mukafunsa za a Kalekeni Phiri, anthu akuuzani msangamsanga kuti anali munthu wanjiru. Ena awonjezera kuti ankakhoma zidebe. Zonsezo n'zoona. Koma onenawo ambiri sadziwa n'kagwiridwe komwe ka tupa, ndiye ayambe amva nkhani yonse asanapukuse mitu yawoyo.

A Kalekeni anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, chala chamanthu chakumanja chitapsa mpaka kusalala. Sukulu anailawa miyezi isanu basi, aphunzitsi atawakwapula iwo n'kubwezera ndi mwala. Ntchito ankagwirira m'chigafa chakale cha fodya kuseri kwa nyumba yawo. Mmenemo munkalowa makheni othirira nazale, mapoto obooka, maunyolo a njinga, ngakhale mateyala a ngolo, zonse n'kutuluka zamoyo. Pakamwa pokha ndiye panalibe chitseko. Munthu ukabwera ndi chidebe, unkabwerera ndi chidebe chabwino ndiponso mawu atatu anayi okuuza mmene unaliri wopusa pochiwononga. Akazi awo, a Lefina Nabanda, ankati anakwatiwa ndi mmisiri koma amagona ndi bingu.

Komatu zidebe sizinali kumtima kwawo. Kumtima kwawo kunali mfuti ya a Simeon Mwale.

Awiriwa anakulira limodzi kubusa. A Simeon anapita kunkhondo ndi asilikali a Keyala, gulu lankhondo la atsamunda, n'kubwerako munthu wofatsa, wosalankhulalankhula, mpaka anakhala mkulu wa mpingo. M'dera lonselo ndi iwo okha amene anali ndi mfuti ya laisensi, yakalekale, yolowa chipolopolo chimodzi basi. Masiku amenewo mfuti yopanda pepala inali nkhani yoti munthu sankaiyamba n'komwe, choncho chaka chilichonse a Simeon ankavala jekete n'kupalasa njinga kupita ku Boma kukadinditsa. Maesiteti a fodya atayamba kugwetsa nkhalango, nguluwe zinasowa kokhala n'kutsikira m'madambo a anthu wamba. Munda wa chimanga unkatha usiku umodzi. Aliyense wolira ankathamangira kwa a Simeon.

Zipolopolo zatsopano zinali kutali ndiponso zosowa, ndiye a Simeon sankataya chigoba. Mfuti ikalira pamatsala chigoba chamkuwa, ndipo chimenecho ankachitola, n'kudzachidzazanso kunyumba ndi onga umene ankagula pa laisensi yawo. Kudzazako ankachita okha, chitseko chili chitsekere. Koma mkuwa uli ngati mwana, ukadya umakula. Chigoba chikalawa moto kamodzi chimatalika pang'ono kukamwa kwake, pang'ono moti diso silingaone. Ukachisiya choncho, tsiku lina chimakana kulowa bwino, mfuti osatsekeka. Chimafunika kupalidwa ndi tupa kuti chibwerere pa msinkhu wake. Ntchito imeneyo inali ya a Kalekeni.

Munthu ameneyu, woti sankatha kukhala chete ngakhale pa maliro, akagwira chigoba ankangoti zii. Ankachikwecha katatu, kwe kwe kwe, n'kuchitembenuza, katatunso, n'kuuzira. Kenaka ankachiyendetsa pa mlomo wawo wakumunsi kuti amve ngati patsala kaminga. Pomaliza ankachigoneka mu muyeso wawo, kamtengo ka mlombwa kotalika ngati chala, kogobedwa pakati. Chigoba chikagona mmenemo n'kukwana thwa, ndiye kuti chatha. Kamtengoko kankakhala m'kachitini ka fodya wa m'mphuno, m'thumba la malaya, ndipo ngakhale a Lefina sankaloledwa kukagwira.

Malipiro ake anali mwambo umene awiriwo anapangana okha kalekale: nguluwe ikagwa, mwendo wamwamba ndi wa amene anakonza chigoba. A Simeon sankatuma munthu. Ankaumangirira okha pa kaliyala ya njinga, dzuwa likuswa mtengo, n'kudutsa pakati pa mudzi akuliza belu.

"Kale! Tuluka iwe, nyama yako yatopa kudikira!"

"Wachedwa bwanji, msilikali wabodza iwe? Nguluweyo unachita kuipempha kuti ife?"

Amuna a imvi, wina mkulu wa mpingo, koma ankatchulana iwe ngati akadali kubusa. A Kalekeni ankalandira mwendowo n'kuyamba azungulira nawo bwalo lonse asanalowe nawo m'nyumba. Nyama ankaikonda, inde, koma chimene ankadya kwenikweni ndi belu lija.

Tsono panali chinthu chimodzi chimene a Kalekeni sanauze munthu. M'chaka cha 1966 mfutiyo inagwa pa ngolo n'kupondedwa ndi teyala, mpope wake n'kung'aluka pang'ono kumene umalumikizana ndi thunthu. A Simeon analira ngati aferedwa. A Kalekeni anaitenga, n'kukhala nayo m'chigafa masiku asanu ndi anayi. Anadula pong'alukapo, n'kubwezeretsa mpopewo bwinobwino. Mfuti inachira, koma malo ogona chigoba anafupika ndi kachidutswa konga kunenepa kwa chikhadabo. Pobweza mfutiyo anadzigunda pachifuwa n'kunena kuti, "Ili ngati yatsopano, palibe chasintha." Atanena choncho pamaso pa anthu, akanabwereranso bwanji kukaulula za chikhadabo? Anangosema kamtengo kaja molingana ndi mfutiyo mmene inaliri tsopano, ndipo kuyambira pamenepo zigoba zonse ankazipala mofupikirapo. Kwa zaka zisanu ndi zinayi mfuti sinakanepo ngakhale kamodzi.

Ndiye kunabwera Frazer.

Chinali chaka cha 1975, anyamata ambiri atabwerako ku migodi ya ku Joni. Frazer anali wa kwa Kapelula, wamtali, wa mano oyera, ndipo anakwatira Elube, mwana wamkazi wa a Simeon, n'kudzakhala pachikamwini. Anabwera ndi wailesi, bulangeti la mizeremizere ndi bokosi lachitsulo lokhala ndi loko. Ku mgodiko sankakumba ayi, ankathandiza mu shedi yokonzera makina. M'bokosimo munali zipangizo zoti a Kalekeni anali asanazionepo: kachitsulo konyezimira koyezera, kokhala ndi manambala ang'onoang'ono, ndiponso kabuku kamafuta kolembamo miyeso ya zinthu zamitundumitundu.

Chimene chinawapweteka kwambiri a Kalekeni n'chakuti mnyamatayo analibe mwano. Akanakhala wamatama bwenzi zili bwino, bwenzi atamutukwana n'kugona tulo. Koma ayi ndithu. Akakumana nawo panjira ankatsika njinga, kuvula chipewa, n'kunjuta. Ankamanga zigafa za apongozi ake osadandaula. Amayi kumjigo anayamba kunena kuti Elube watola chikwama.

"Mwamuona mkamwini wa a Mwale?" a Lefina anafunsa tsiku lina akusankha mtedza. "Wakonza makina osokera a mayi abusa. Akuti akusoka ngati atsopano."

"Makina amenewo ndinawakonzapo ine kawiri."

"N'chifukwa chake anafunika kukonzanso kachitatu."

"Nabanda, ngati wamusirira pita ukakhale mkazi wachiwiri. Ukamvere wailesi."

"Ndipite ine, nanga inu muzitukwana ndani?"

Mvula itagwa, chimanga n'kuyamba kumasula, a Kalekeni anayembekezera kathumba ka zigoba monga mwa chaka chilichonse. Anatsuka tupa, anapukuta kamtengo ndi mafuta a nsatsi. Sabata inatha. Yachiwiri inatha. Tsiku lina m'mawa akupita kukabweza kheni ya munthu, anadutsa kuseri kwa nyumba ya Elube, n'kumva kaphokoso kamene ankakadziwa kuposa mawu a mkazi wawo. Mkuwa ukupalidwa.

Anasuzumira pa mpanda. Frazer anali atakhala pa mpando, zigoba zisanu zitandandalikidwa pa nsalu yoyera. Anali atapanga kamakina kopukusa ndi dzanja, ndipo chigoba chinkazungulira chokha, timinyenyeswa ta mkuwa tikugwa ngati gaga. Akapukusa pang'ono ankayeza ndi kachitsulo kaja, n'kuyang'ana m'kabuku. Ntchito inali yaukhondo, imeneyo tisaname. Kukamwa kwa zigobazo kunali kosalala, kofanana ngati mapasa. Koma diso la a Kalekeni linali litaona kale chinthu china. Zigobazo zinali zazitali. Zinali pa muyeso wa m'buku, woyenera mfuti ina iliyonse ya mtundu umenewo pa dziko lapansi, kupatula imodzi.

Anapita molunjika kwa a Simeon, n'kuwapeza akusoka fodya m'chigafa.

"Simeon, ndamwalira liti ine?"

"Wayamba."

"Ndikufunsa. Maliro anga munaika liti, poti ntchito yanga mwagawana kale?"

A Simeon anapitiriza kusoka. "Kale, maso ako ayamba kuchita nkhungu, iwenso ukudziwa. Mwanayu ali ndi zipangizo. Ndi mkamwini wanga, wandipempha kudzera mwa mkazi wake kuti andithandize. Ndimukanize ndi chiyani? Upumeko."

"Mwendo uja ndiye uzipita kwa iye?"

"Mwambo tinapangana ndi womwewo. Koma nyama siidzasowa pakhomo pako, ndidzakupatsa ina."

"Ina! Ndine galu ine woti uzindiponyera ina?"

Anachoka akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo pamtunda. Za chikhadabo zija zinafika pa lilime, iwo n'kuzimeza.

Apa mwina wina afunsa kuti, nanga bwanji sanangoyesa chigoba chimodzi mu mfutimo? Wofunsa zimenezo sanakhalepo pachikamwini. Mfuti inkakhala kuchipinda kwa a Simeon, pansi pa bedi. Mkamwini angalowe kuchipinda kwa apongozi ake? Angatsegule pakamwa n'kunena kuti, ndibwerekeni mfuti yanu ndiione ngati ili bwino? Frazer polankhula ndi apongozi ake ankakhala pansi chapatali, nkhope atayang'ana kumbali, mawu ambiri n'kumadzera mwa Elube. Ndipo a Simeon anali ndi lamulo lawo lochokera kunkhondo, kumene anaona mnzawo akufa ndi mfuti ya mnzake pa msasa: pamudzi palibe chimene chimalowa mu mfuti, chodzaza kapena chopanda kanthu. Mfuti imadya kutchire basi.

Komabe mnyamatayo sanali wopusa. Madzulo ena dzuwa lisanalowe anafika kuchigafa kwa a Kalekeni, n'kunjuta pakhomo, chipewa chili m'manja.

"Odi, bambo."

"Chidebe chili kuti?"

"Sindinabwere ndi chidebe, bambo. Ndamva kuti ntchito ya zigobayi mwakhala mukuigwira ndinu zaka zonsezi. Ine ndine mwana. Ndimati mwina pali china chimene ndiyenera kudziwa pa mfuti ya apongozi."

A Kalekeni anamva kachitini kaja kakuwalemera m'thumba. Akanangotulutsa kamtengo n'kunena mawu awiri, nkhani ikanathera pomwepo. Koma anayang'ana mano oyerawo, wotchi ya pa mkono, ndi ulemu wosatha uja, n'kuona m'maganizo a Simeon akuliza belu pakhomo la munthu wina.

"Si uli ndi buku iwe? Kafunse buku lako."

"Buku silinaionepo mfutiyo, bambo."

"Ndiye kalipatse magalasi."

Frazer anawomba m'manja pang'onopang'ono, n'kutsanzika.

Musaganize kuti a Kalekeni ankafuna magazi a munthu. Ayi, zimenezo n'zonama, ndipo wonena choncho abwere adzanene pamaso pa anthu. Chimene ankafuna n'chaching'ono. Ankadziwa kuti a Simeon amaika chipolopolo akafika m'mphepete mwa dambo, agalu asanamasulidwe. Pamenepo mfuti idzakana kutsekeka, anthu onse akuona. Adzayesa chachiwiri, chidzakana. Uzimba udzathera pomwepo, amuna adzaseka, ndipo a Simeon adzatembenuka n'kunena kuti, "Kale, tandithandiza." Chithunzi chimenechi ankachionera tsiku ndi tsiku ngati kanema wa ku Boma, n'kumamwetulira okha akukhoma zidebe.

Mu February nguluwe yaimuna inayamba kulowa m'minda ya kumunsi kwa mudzi, chimanga chili dowe. Loweruka lina m'mawa, mame asanaume, amuna asanu ndi awiri ananyamuka ndi agalu kulondola mapazi ake. A Kalekeni sanaitanidwe, koma anapezeka ali kumbuyo ndi nthungo yawo.

"Iwenso wabwera?" anatero a Simeon.

"Ndabwera kudzaona zodabwitsa za ku Joni."

Frazer anali chapatali, atagwira zingwe za agalu. Atafika pamene bango limayambira, a Simeon anaima, anapisa m'thumba la jekete, n'kutulutsa chipolopolo. A Kalekeni anasendera pafupi, mawu achipongwe ali okonzeka kale pakamwa. A Simeon anachilowetsa, n'kutseka.

Mfuti inatsekeka bwinobwino. Khwa.

A Kalekeni anayang'anitsitsa mfutiyo. Zatheka bwanji? Ndiye kuti zigoba za mnyamatayu zikulowa? Ndiye kuti chinsinsi chimene anachisunga zaka zonsezi chinali chabechabe, ndipo kamtengo kawo kanali kamtengo basi, koti aliyense wa kabuku angathe kukalowa m'malo? Sanadziwe kuti a Simeon, munthu wosataya kanthu, anali atatsala ndi chipolopolo chimodzi cha chaka chatha, chopalidwa ndi a Kalekeni omwewo, ndipo anati ayambe athana ndi chakalecho. A Kalekeni anangoyenda kumbuyo mutu uli pansi, njiru ikuwatafuna.

Agalu anaipeza nguluwe ija m'kati mwa bango. Kunamveka kuuwa, bango likuthyoka, ndipo chinyama chinatuluka, chofiirira, msana utanyankhalala. A Simeon anagwada ndi bondo limodzi. Mfuti inalira, phuu! Nguluwe inagwa, inagubuduka, koma inadzukanso ikukoka mwendo wakumbuyo. Inatembenuka n'kuyang'ana kumene kunachokera utsi.

A Simeon sananjenjemere. Anatulutsa chigoba, n'kulowetsa chipolopolo china. Anakankha kuti atseke. Mfuti inakana. Anakankhanso ndi chikhatho. Inakana.

Pamenepo m'pamene a Kalekeni anamvetsa zonse.

"Simeon! Taya! Thawa, sichilowa chimenecho!"

Anali atachedwa. Nguluwe inawapeza a Simeon akadalimbana ndi mfuti, n'kuwang'amba ntchafu ndi dzino kuchokera pa bondo kukwera m'mwamba. Amuna ena anabalalika, wina anakwera mtengo woti sukanatha kunyamula ngakhale nkhuku. Amene anathamangira kutsogolo ndi a Kalekeni, kamunthu kakafupi ka zaka makumi asanu ndi mphambu, akukuwa mawu oti m'buku sangalembedwe. Anaibaya kuseri kwa phewa n'kutsamira pa nthungoyo ndi thupi lonse. Frazer anafika ndi nkhwangwa n'kumaliza.

Anamanga mwendo wa a Simeon ndi malaya a a Kalekeni, n'kuwanyamula pa ngolo mpaka kumsewu, kumene lole ya fodya inawatenga kupita nawo kuchipatala ku Boma. Njira yonse a Kalekeni anawagwira mutu pamiyendo pawo akuwatukwana kuti asagone.

A Simeon anakhala m'chipatala masabata atatu. M'masabata amenewo a Kalekeni anasanduka ngwazi. Kumsika, atangoonetsa khadi lachipani pachipata, anthu ankawazungulira kuti afotokoze za nthungo ija. Frazer ndiye anasanduka nyansi. Amayi omwe aja a kumjigo anayamba kunena kuti mkamwini wafuna kupha apongozi ake ndi nzeru za ku Joni. Abale a Elube anayamba kunong'onezana zoti mnyamatayo alongedze bokosi lake abwerere kwa Kapelula. Mwendo wamwamba wa nguluwe ija Elube anauwamba n'kuupachika, kudikira kuti bambo ake adzanene mwini wake.

A Kalekeni ankamva zonsezi. Kodi zinkawakoma? Masana zinkawakoma. Koma a Lefina anaona kuti mwamuna wawo wasiya kumaliza chakudya.

"Ngwazi imadya," anatero. "Inu mukudwala chiyani?"

"Ndisiye, Nabanda."

Tsiku limene a Simeon anabwerako, anthu anadzaza pakhonde kudzawaona. Anawakhazika pa mpando wa ndalema, mwendo utawongoledwa pa mtondo wogoneka. A Kalekeni anakhala pafupi penipeni, pamalo pawo pakale. Kunali kucheza, kuseka, mpaka mmodzi wa amalume a Elube anatembenuza nkhani.

"Tithokoze Mulungu ndi a Phiri awa. Koma pali ena pano ayenera kutiuza chimene ankafuna."

Frazer anali atakhala pansi kumapeto kwa bwalo. Anali ataonda. Anawomba m'manja, n'kulankhula maso ali pansi.

"Makolo anga, ngati ndalakwa ndilangeni. Koma zipolopolo zinayi zotsala zija ndaziyeza kakhumi. Zonse zili pa muyeso wake. Sindikukana kuti chinakana kulowa, koma vuto silili pa chigoba. Ndikuganiza kuti mfutiyo inagwiridwapo kale ndi munthu wosadziwa ntchito, n'kuiwononga m'kati."

Akanangokhala chete a Kalekeni! Palibe amene ankamukhulupirira mnyamatayo. Amalume aja anali atayamba kale kuseka. Mwendo unali wa a Kalekeni, belu linali lawo, mpando wa pafupi ndi a Simeon unali wawo. Ankangofunika kutseka pakamwa kwa mphindi imodzi yokha. Koma mawu akuti wosadziwa ntchito anawalowa ngati mavu m'khutu. Anadzambatuka.

"Wosadziwa ntchito ndani? Iwe, mwana wa dzulodzuloli, ukunena ine? Mfuti imeneyo inali itafa, ine ndinaidzutsa ndi manja awa, iwe ukadali kuyenda wopanda kabudula! Ndinaidula ndekha, ndinaibwezera ndekha, ndipo ndikudziwa pamene inafupika, chikhadabo chimodzi, osaposa! Zaka zisanu ndi zinayi yakanapo? Afunseni! Buku lakolo likudziwa zimenezo? Ine nditangosuzumira pa mpanda tsiku lija, ndi diso lokha, diso lomwe akuti lachita nkhunguli, ndinaoneratu kuti zigoba zakozo n'zazitali, sizidzalowa!"

Anaima akupuma, chala chili m'mwamba, kudikira kuti anthu avomereze.

Nkhuku inadutsa pakati pa anthu, palibe anaiingitsa.

A Simeon anatembenuza mutu pang'onopang'ono.

"Unaoneratu?"

A Kalekeni anatsitsa chala.

"Elube anandiuza kuti mwamuna wake anabwera kwanu kudzafunsa," a Simeon anapitiriza, mawu ali pansipansi. "Munamuyankha chiyani, a Phiri?"

Chibadwire a Simeon anali asanawatchulepo a Phiri. A Kalekeni anayang'ana mwendo womangidwa nsalu uja. Anatola chipewa chawo n'kudutsa pakati pa anthu, anthuwo akuwapatukira.

M'mawa mwake kunamveka odi kuchigafa. Panalibe belu. Anali Frazer, wapansi, atanyamula mwendo wowamba uja m'mbale yovundikira. Ananjuta monga mwa masiku onse.

"Apongozi akuti chipolopolo chimene chinalasa nguluwe chinali chanu, nthungonso inali yanu, ndiye nyamayi ndi yanu. Akutinso akuthokoza chifukwa cha moyo wawo." Anaika mbaleyo pansi. "Ndiponso akupempha muyeso wa mfuti yawo."

A Kalekeni anapisa m'thumba, anatsegula kachitini, n'kutulutsa kamtengo ka mlombwa, kakuda ndi thukuta la zaka zonse zija. Anakaponya pansi patsogolo pa mnyamatayo. Frazer atatambasula dzanja kuti atole, iwo anakaponda ndi phazi.

"Ukapala, usamakhulupirire chimakina chakocho. Uziyendetsa chigoba pa mlomo. Chala chimanama, mlomo sunama. Wamva?"

"Ndamva, bambo."

"Ndipo uzikapaka mafuta a nsatsi, kangang'aluke. Choka."

Nyama ija a Lefina anaiphika, koma anadya okha ndi alendo.

A Kalekeni anakhala zaka zina khumi ndi ziwiri akukhoma zidebe. A Simeon anachira, ngakhale ankatsimphina mpaka imfa yawo. Sanawanenere a Kalekeni zoipa kwa munthu aliyense, ndipo akakumana kutchalitchi ankawapatsa moni wathunthu: "Mwadzuka bwanji, a Phiri? Kunyumba ali bwanji mayi?" A Kalekeni ankabwera kunyumba atatupa ndi ukali.

"Bola akananditukwana, Nabanda. Munthu wanji wopatsa mnzake moni ngati akulonjera a DC?"

Frazer sanabwerere kwa Kapelula. Anabereka ana asanu ndi mmodzi pamudzipo, ndipo zigoba ankapala ndi iye, pa muyeso wa kamtengo kaja. Nyengo ya dowe ikafika, mfuti ikalira kudambo, a Kalekeni ankaimitsa nyundo m'mwamba n'kutchera khutu.

"Wapala mopitirira," ankatero. "Ndamva kaliridwe kake. Mnyamata amene uja sadzaidziwa ntchito."

Palibe munthu angamve kutalika kwa chigoba pa kulira kwa mfuti, ndipo a Lefina ankadziwa zimenezo, koma sankawatsutsa. Patapita kanthawi belu la njinga linkamveka likudutsa pakati pa mudzi, kulowera kwa Elube. Pamenepo a Kalekeni ankagwira chidebe chilichonse chimene chinali pafupi, chobooka kapena chabwinobwino, n'kuyamba kuchikhoma mwamphamvu mpaka belulo litasiya.